Wotchi ya agogo yaduka sipuling'i, ndikonzetse kapena ndingoikamo za batire?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili ndi wotchi yoika pa kabati ya Smiths Enfield, agogo anabwera nayo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela, ndi yopotokola ndi kiyi kamodzi pa sabata ndipo imalira ola likakwana. Mwezi watha ndikupotokola ndinangomva phwaa! mkatimo, kiyi nkuyamba kungozungulira. Okonza mawotchi wina mtauni akuti tingochotsa zamkati zonse tiike mashini a batire basi. Ndivomere? Wowerenga, Zomba

YANKHO: Achimwene, musavomere kaye. Phokoso munamvalo ndi sipuling'i yaikulu yaduka, kapena kachitsulo kogwira kuti isabwerere mmbuyo kagonja, ndipo sikuti munapotokola mopyola ayi, chitsulo chimangotopa ndi zaka. Sipuling'i payokha si nkhani, za saizi imeneyo zimagulitsidwabe kunja. Nkhani ili pa zomwe yaononga podukapo, chifukwa mphamvu yonse ya masiku 8 imatuluka kamodzinkamodzi ndiye imatha kupinda kapena kuthyola mano a giya yaikulu ngakhale kukhotetsa kachitsulo kapakati ka giya yachiwiri.

Ndiye tsegulani kachitseko ka kumbuyo muunike ndi tochi ya foni. Onani mano ngati onse ali chilili. Kenako onani timabowo ta pa mbale ya mkuwa momwe nsonga za magiya zimazungulira, mukapeza phala lakuda ngati la mu injini ndiye kuti mafuta anauma nkusakanikirana ndi fumbi, ndipo phala limenelo limadya mkuwa mpaka bowo lozungulira kukhala ngati dzira. Bowo lotere limafuna kuboola nkuikamo kamkuwa katsopano, ntchito yofuna munthu wa zida zake osati wa sikuludilaiva ndi pulayazi.

Kunena za ndalama zokha sindikunamizani, simupindula. Smiths anapanga mawotchi amenewa ambirimbiri ku Britain, si osowa, moti kukonzetsa bwinobwino kumatha kuposa mtengo wa wotchiyo. Ikanakhala ya Hermle ya ku Germany bwenzi ndikuti werengani nambala ili pa mbale ya kumbuyo, monga 340-020, muitanitse mashini atsopano poti amapangabe, koma Smiths anasiya kalekale ndiye zotsalira zimachokera mu wotchi ina yakufa. 

Koma iyi ndi ya agogo eti. Ngati mano ali bwino ine ndingakonzetse, sipuling'i yatsopano, kumasula zonse nkutsuka, timafuta pang'ono ta wotchi pa nsonga pokha. Chonde mafuta opopera aja a WD-40 kapena mafuta ophikira ayi, ndaonapo ina inathiridwa a galimoto mpaka magiya kumatirana ngati ulimbo. Komanso musamasule mbalezo nokha, wotchi yolira ili ndi masipuling'i awiri ndipo inayo ikadali yokhwima, ingakung'ambeni chala.

Mano akapezeka atathyoka ndipo waluso palibe pafupi, ikani za batirezo iziyendabe, koma muimirire pompo asakulitse bowo la pa nkhope ya wotchi, ndipo mashini akalewo, pendulamu, mivi ndi kiyi mutenge nokha mukulunge mu nsalu youma musunge, okonza ena amati zatayidwa pomwe alowetsa mu dirowa yawo ya ma sipeya.