Linux pa PC ya magemu: achimwene musafufute kaye Windows

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma foni inali pa 4% nde ndinati ndiyankhe lero nditakhazikika. Mwati muli ndi desktop ya HP yogula kwa munthu, i5 ya 6th gen, RAM 16GB, munaikamo khadi ya graphics ya AMD RX 580, Windows 11 ikukana kulowa pomwe Windows 10 a Microsoft anasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. Nde mwaona pa YouTube aliyense akungoti Linux Linux, system ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, mukufunsa ngati mufufute zonse muike Linux basi. Magemu anu mwati ndi FC (gemu ya mpira ya EA, kale inkatchedwa FIFA), GTA V, CS2 (Counter-Strike 2) ndi Euro Truck.

Ine ndikuti ikani Linux, koma Windows musaifufute. Ndipo chifukwa chake ndi gemu imodzi yokha pamndandanda wanuwo, FC. Ndifika pamenepo.

Choyamba ndivomereze kuti phokoso mukulimvali si la bodza. Ine ndakhala pa Linux pafupifupi zaka zitatu tsopano ndipo zinthu zasinthadi. Kale kusewera gemu ya Windows pa Linux inali ntchito ya tsiku lonse, umalimbana ndi Wine, pulogalamu yoyendetsera zinthu za Windows pa Linux, mpaka mutu kuwawa kenako gemuyo ndikutseguka yopanda sawundi. Amene anasintha zinthu ndi a Valve, eni ake a Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Iwowa anayamba kuda nkhawa nthawi ya Windows 8, poopa kuti Microsoft idzatseka khomo nkumakakamiza aliyense kugula magemu mu sitolo yake, nde mu 2013 anatulutsa Steam ya Linux, mu 2015 anayesa ma Steam Machine, makompyuta a magemu oyendera Linux, koma sanayende malonda poti magemu a Linux anali ochepa kwambiri. M'malo mopitiriza kunyengerera opanga magemu kuti azipanganso ma version a Linux, mu 2018 anabweretsa Proton. Proton ili ngati womasulira, gemu ikuyankhula DirectX ya Windows, iyo imatembenuza nthawi yomweyo kupita ku Vulkan yomwe Linux imamva, gemu osadziwa nkomwe kuti siili pa Windows. Kenako mu February 2022 kunabwera Steam Deck, kakompyuta ka m'manja kaja, kamene kamayendera SteamOS yomwe ndi Linux yeniyeni yochokera ku mtundu wa Linux wotchedwa Arch. Apa nde opanga magemu anayamba kusamala chifukwa panali ndalama. Pa kafukufuku amene Steam imachita mwezi ndi mwezi, Linux inakhala nthawi yaitali pa 1%, mu 2023 inapitirira macOS, ndipo mu Okutobala 2025 inadutsa 3%. Ndi kochepa inde, Windows ikadali pamwamba pa 90%, koma kochokera nkutali.

Tsopano nkhani ya FC. Vuto si loti Linux ikulephera kuyendetsa gemuyo ayi. Vuto ndi anti-cheat, kapulogalamu kogwira akuba pa gemu. A EA kuyambira pa FIFA 23 anaika anti-cheat yolowa mkati mwenimweni mwa Windows, mu kernel, ndipo ikapeza kuti siili pa Windows imangokana kutseguka. Palibe setting, palibe command, palibe mnyamata wa pa YouTube amene angakukonzereni zimenezi. Ngakhale mukufuna Kick Off chabe ndi anzanu pa mapadi awiri opanda intaneti, siitseguka. Nde inu amene ndikudziwa kuti Loweruka lililonse anyamata amadzadza pabalaza panu kudzamenya FC, mukafufuta Windows Lachisanu, Loweruka mudzafotokoza chani?

Gulu lomweli muli Fortnite, Valorant, League of Legends (kuyambira pomwe anaikamo anti-cheat ya Vanguard mu 2024), PUBG ya pa PC, Rainbow Six Siege ndi ma Call of Duty atsopanowa. Ndipo chowawa kwambiri nchoti gemu ikhoza kumayenda lero mawa nkutsekedwa. Apex Legends inkayenda bwinobwino pa Linux, kumapeto kwa Okutobala 2024 eni ake anangoti basi taletsa, ati akuba achuluka. GTA yanuyo ndi chimodzimodzi, mu Seputembala 2024 a Rockstar anaika anti-cheat ya BattlEye pa GTA Online ndipo a Linux onse anatsala panja. Story mode nde imayenda mwakachetechete, mumangoika -nobattleye pa launch options kapena kuithimitsa mu launcher, Franklin ndi Trevor ali pompo. Koma ngati mumalowa Online iwalani.

CS2 ndi ya Valve yomwe, ili ndi version yakeyake ya Linux, palibe za Proton. Euro Truck Simulator 2 nayonso ili nayo ya Linux. Nde pa magemu anayi anu, awiri ali bho, imodzi theka, imodzi ayi. Masamu ake ndi amenewo.

Ndisanaiwale, aliyense amene akuwerenga izi ali ndi magemu ena, musandifunse imodzi imodzi chonde. Lowani pa tsamba la ProtonDB mulembe dzina la gemu, muona anthu amene anaiyesa aipatsa Platinum, Gold, Silver, Bronze kapena Borked. Platinum ndi yongodina play, Gold imafuna kukonza pang'ono, Borked ndi yakufa. Muziwerenganso ndemanga za anthu amene ali ndi khadi ngati yanu osangoona mtundu wa mendulo. Za anti-cheat pali tsamba lina lotchedwa Are We Anti-Cheat Yet. Mphindi khumi pamenepo zikupulumutsani ku kulira kwa sabata.

Pa mashini anuwo muli ndi mwayi umodzi waukulu, khadi ya AMD. Ma driver a AMD pa Linux ndi otseguka ndipo amabwera kale mkati, mukangomaliza install khadi ikugwira ntchito, palibe kudawuniloda chinthu. Komanso RX 580 ku Windows a AMD anachepetsa kale ma update ake poti ndi yakale, pomwe ku Linux anthu a Mesa, opanga ma driver otsegukawo, akuisamalirabe. Anzathu a NVIDIA zimayenda ndithu koma pamafunika kuika driver ya kampani, ndipo pa magemu a DirectX 12 nthawi zambiri ma fps (kuchuluka kwa zithunzi zimene gemu ikuonetsa pa sekondi) amatsikako poyerekeza ndi Windows. Amene muli pa laputopu zakale za Intel HD 4000 kapena 4400 zija, musayembekezere zozizwitsa, Vulkan yake ndi yosakwanira nde Proton yatsopano imavutika.

Apa ndinene chilungamo china chimene a YouTube sanena. Linux siisandutsa PC yakale kukhala yatsopano. Chimene mudzaone nchoti ikangoyaka siidya RAM yambiri, kulibe zinthu zambirimbiri zoyenda kumbuyo, kulibe zotsatsa malonda mu start menu, kulibe kukukakamizani akaunti ya Microsoft. Gemu zina zidzakwera ma fps pang'ono zina zidzatsika pang'ono. Koma i5 ya ma core anayi pa CS2 idzapumira m'mwamba kaya ndi Windows kaya ndi Linux, imeneyo nde musadzandinene.

Linux ili ndi mitundu yambiri, nde muike iti? Apa mu gulu muno mukafunsa anthu khumi mayankho adzakhala khumi ndi awiri. Ine kwa munthu woyamba ndimatchula ziwiri basi. Linux Mint ngati kompyutayo mumagwiritsanso ntchito zina, kulemba ma assignment, kuonera mafilimu, kupulinta. Imaoneka ngati Windows 7, start menu pansi kumanzere, simusochera, ndipo ISO yake, fayilo yopangira install, ndi pafupifupi 3GB. Steam mumaipeza mu Software Manager. Inayo ndi Bazzite, yomangidwa pa Linux ina yotchedwa Fedora, imabwera ndi Steam ndi zonse za magemu zoikiratu, ndipo ndimaikonda pa chifukwa chimodzi chomwe azungu saganizira nkomwe, magetsi. Bazzite ikamapanga update siikhudza system imene mukugwiritsa ntchito, imakonza ina pambali nkudzasinthira mukapanga restart. Ine tsiku lina magetsi anathima update ili pakati, ndinagwira mutu poti ndilibe UPS, atayaka madzulo ndinayatsa mashini ndikuyembekeza black screen koma inangolowa ngati palibe chachitika. Ndipo update ikabwera yoipa mumasankha yakale pa boot menu nkubwerera. Kuipa kwake ISO ndi yaikulu kuposa ya Mint kawiri kapena kuposa, ndipo ma update ake ndi olemera. Pa Mint chofanana nacho ndi Timeshift, muiyatse tsiku loyamba lomwelo.

Ena akuuzani CachyOS kapena Nobara, ndi zabwino ndithu, CachyOS anthu akuitamanda pa liwiro, koma ndi ya Arch, ma update amabwera pafupifupi tsiku ndi tsiku ndipo bandulo yanu idzaona zakuda. SteamOS yeniyeniyo isiyeni kaye, inapangidwira Steam Deck ndi timakina tina ngati Legion Go S, si yoti muyambire pa HP yanuyo. Ndipo wina akakuuzani kuti muike Kali poti ndi ya ma hacker, mungomuseka.

Nkhani ya data nde ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi imene inandipweteka ine. Mukaika Steam koyamba nkudina gemu, iyamba yadawuniloda Proton ndi Steam Linux Runtime, zonse pamodzi zimapitirira 1GB, zimenezo nzosathawika koma ndi kamodzi. Chimene chimaba mwakachetechete ndi shader pre-caching. Steam imadawuniloda ma shader okonzeratu, timafayilo tothandiza khadi kujambula zithunzi, a gemu iliyonse imene mwaika, ndipo imabwerezabwereza, mukangoyatsa mupeza ka update pa gemu zitatu zinayi pomwe gemuzo sizinasinthe kanthu. Ine sabata yoyamba ndinkadabwa kuti bandulo ya mwezi ikuthera kuti, ndinafika pokayikira ana a pa nyumba yoyandikana kuti andibera password ya MiFi, kumene wakuba anali pa desiki panga pomwe. Lowani Settings, Downloads, mutsike pansi muthimitse Shader Pre-Caching. Gemu izidzachita tima stutter mphindi zoyamba kenako imakhazikika. Pomwepo pa properties za gemu iliyonse musankhe kuti izipanga update pokhapokha mukaitsegula.

Ndipo magemu amene muli nawo kale pa Steam ya Windows musadawunilodenso. Koperani foda ya gemuyo kuchoka mu steamapps/common kupita ku foda yomweyo ya ku Linux, mukadina install Steam idzaona kuti mafayilo alipo nkungotenga zosowa. GTA V yokha ndi pafupifupi 100GB, ganizirani. Koma CS2 ndi Euro Truck zidzatengako zina poti mafayilo a Linux ndi osiyana pang'ono. Chimene musachite ndi kusewera molunjika kuchokera pa drive ya Windows ya NTFS. Zimatheka inde, koma ndi gwero la mavuto oti mwadina play, batani lasanduka la buluu, kenako labwerera pa green osatseguka kanthu. Magemu a Linux akhale pa drive ya format ya Linux, ext4 kapena btrfs.

Nchifukwa chake ndikuti gulani ka SSD kena, ngakhale 256GB kokha ngati thumba lavuta, 512GB ngati mungathe. Poika Linux zulani kaye chingwe cha drive ya Windows, ikani Linux pa SSD yatsopanoyo, mukamaliza bwezerani chingwe. Mukatero palibe mwayi woti mwafufuta zithunzi za ukwati mwangozi, ndipo aliyense ali ndi boot yake, Windows ikapanga update siisokoneza mnzake. Pa HP mumadina F9 ikamayaka nkusankha kolowera. Flash yopangira install mugwiritse Ventoy kapena Rufus, ndipo musanaike kalikonse yambani mwaiyendetsa kuchokera pa flash pompo muone ngati sawundi ndi netiweki zikugwira.

Tizinthu tina timene tidzakudabwitseni. Mukachoka ku Linux kulowa Windows wotchi idzakhala itabwerera ndi maola awiri. Si batire ya pa motherboard ayi, Linux imasunga nthawi ya UTC pomwe Windows imayesa kuti ndi nthawi ya kwathu, nde ife tili pa UTC+2. Command imodzi ya timedatectl imakonza. Mu Windows muthimitse Fast Startup apo ayi Linux izikana kulemba pa drive yake. Ngati intaneti mumalowera pa ka WiFi ka USB kotchipa kaja, tina ta Realtek timafuna driver, nde poyamba ingolumikizani foni ndi chingwe muyatse USB tethering, imagwira pompopompo. Mapadi a PS4 ndi PS5 mumangobaya, za DS4Windows kulibe. Magemu aulere a Epic aja ndi a GOG mumawapeza kudzera pa Heroic Games Launcher. Za magemu okopera pa hard drive ya mnzanu aja sindilowamo, ndingoti ProtonDB siidzakuthandizani akavuta.

Word ndi Excel za pa desktop kulibe, Photoshop kulibe. LibreOffice kapena OnlyOffice zimakwanira pa zambiri koma ngati kuntchito amakutumizirani ma Excel a ma macro, chimenecho ndi chifukwa chachiwiri chosungira Windows.

Za Windows 10 yotsalayo, a Microsoft anaika pulogalamu ya ESU yopereka ma update a chitetezo mpaka Okutobala 2026 kwa amene alembetsa. Kupitirira apo ine ndingaisiye ngati PlayStation basi, yoyatsa kumenya FC nkuthimitsa, zinthu za banki ndi maimelo zonse muzichitira ku Linux.

ISO ya Mint ndi ya Bazzite ndili nazo zonse pa flash, musaononge bandulo. Mukagula SSD mundiuze ku inbox, Loweruka ndibwera nayo, koma tiyambe install m'mawa anyamata a FC asanafike.