Chifukwa chake phiri la mu gemu yanu lasanduka masitepe

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akupanga gemu ya pakompyuta imene malo ake ndi phiri la Mulanje, ndipo anatenga deta ya kutalika kwa nthaka ya SRTM, yomwe inayezedwa ndi radar kuchokera m'chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour mu February 2000, n'kuisandutsa chithunzi chotuwa chimene opanga magemu amachitcha heightmap. Poona kuti chithunzicho n'chozimiririka, anatsegula GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, n'kukweza Brightness-Contrast mpaka chinaoneka bwino. Atachilowetsa mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, nsonga za phiri zinaphwathalala ngati tebulo, ndipo malo otsetsereka anasanduka masitepe. Akufunsa kuti walakwitsa pati.

Achimwene, vuto linayamba pamene munayamba kukonzera maso chithunzi chimene sichinapangidwire maso. Mu heightmap, kadontho kalikonse ndi nambala ya kutalika kwa nthaka: kakuda bii ndi malo otsikitsitsa, koyera mbuu ndi malo okwera kwambiri, ndipo kotuwa kali pakati. Mukakweza contrast mopitirira, madontho onse amene anali otuwa pang'ono pafupi ndi kuyera amakankhidwira pa nambala imodzi yomaliza, motero Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirilo, ndi nsonga zoyandikana nayo zimalingana msinkhu. Zomwezo zimachitikira zigwa kumbali yakuda. Zimene zadulidwazo sizibwerera, choncho yambiraninso pa fayilo yoyambirira.

Nkhani ya masitepe ndiyo yofunika kuimvetsa bwino. Chithunzi cha 8-bit chili ndi milingo 256 yokha, kuyambira 0 mpaka 255, pamene cha 16-bit chili ndi milingo 65,536. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo zigwa zozungulira phirilo zili pa mamita pafupifupi 700, kutanthauza kusiyana kwa mamita pafupifupi 2,300. Mukagawa kusiyanaku ndi milingo 256, mulingo uliwonse ukuimira mamita 9, omwe ndi khoma lalitali kuposa nyumba wamba. Tsono ngati chithunzi chanu chinkagwiritsa ntchito milingo 100 yokha, ndipo inu mwaitambasula kuti idzaze 256, simunawonjezere chidziwitso chilichonse, mwangotalikitsa mipata pakati pa milingo. Mukayang'ana histogram, yomwe ndi girafu yoonetsa kuchuluka kwa madontho pa mulingo uliwonse, mudzaona ili ndi mipata ngati mano a chipeso.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi. Tulutsani chithunzicho kuchokera mu deta yoyambirira chili kale cha 16-bit, ndipo GIMP imatha kugwira zithunzi zotere kuyambira pa mtundu wa 2.10 wa mu 2018. Kusandutsa chithunzi cha 8-bit kukhala cha 16-bit sikubweza zimene zinatayika, ngakhale kuti kumapereka mpata wosalaza masitepewo pang'ono ndi Gaussian Blur, chida cha mu GIMP chosalazira chithunzi, podziwa kuti zitunda zakuthwa zifewanso. Kenako siyani Brightness-Contrast, mutsegule Levels. Kokerani kachizindikiro kakuda pamene histogram ikuyambira, koyera pamene ikuthera, ndipo musiye kampata kakang'ono mbali zonse ziwiri kuti pasadulidwe kanthu. Kachizindikiro kapakati kasiyeni pa 1.00, chifukwa mukakasuntha mwapinda ubale wa imvi ndi mamita, ndipo phiri lanu silikhalanso ndi maonekedwe a Mulanje.

Curves, chida china cha mu GIMP chosinthira kuwala popinda mzere, ndi chabwino, koma ndi chosulira nthaka mwadala. Mzere wopindika ngati S umasalaza zigwa ndi nsonga n'kuwongola malo apakati kuti akhale maphompho, zimene zingathandize pa dziko longopeka lofuna malo omangapo midzi. Pa phiri lenileni ine sindingachigwiritse ntchito.

Ngati pambuyo pa zonsezi phiri likuonekabe lalifupi, musabwererenso ku chithunzi. Kutalika kumakhazikitsidwa mu Unity momwemo, pa Terrain Height, ndipo apo ndi pamene muyenera kulemba kusiyana kwenikweni kwa mamita pakati pa malo akuda ndi oyera, mutaonetsetsanso kuti m'litali ndi m'lifupi mwa dera lanu mukugwirizana ndi mapu. Unity imalandira fayilo ya RAW ya 16-bit yokhala ndi mbali zofanana, monga madontho 1025 kapena 2049, pamene Unreal Engine, pulogalamu ina yopangira magemu, imalandiranso PNG ya 16-bit ndipo imalimbikitsa miyeso ngati 1009 kapena 2017. JPEG ipeweni kotheratu, pakuti kupanikiza kwake kumasiya timabokosi timene mu gemu timatuluka ngati mabampu.

Dziwaninso kuti SRTM imasunga kutalika m'mamita athunthu, ndipo kadontho kake kamodzi kamaimira mamita pafupifupi 30 pansi. Choncho m'zigwa za ku Phalombe mudzaonabe timasitepe ta mita imodzi, ndipo timeneto tisalazeni pang'ono musanatsegule Levels.