Mafunso ndi Mayankho: Udokotala Ankauphunzira Bwanji M'zaka za M'ma 1800?

FUNSO: Akonzi, ana m'kalasi amandifunsa za David Livingstone, yemwe anali dokotala asanafike kuno. Kodi nthawi imeneyo munthu ankaphunzira zaka zingati kuti akhale dokotala? Ndine mphunzitsi, ku Nkhotakota.

YANKHO: Aphunzitsi, zinkatengera dziko komanso thumba la munthu. Livingstone anayamba maphunziro a zachipatala mu 1836 pa Anderson's College ku Glasgow, akudzilipirira ndi ndalama za ku fakitale ya thonje. Kenaka anakaphunzira m'zipatala za ku London, ndipo mu Novembala 1840 analandira chiphaso cha bungwe la madokotala la Faculty of Physicians and Surgeons la ku Glasgow. Apa n'kuti mankhwala ogonetsa munthu pochita opaleshoni asanabwere: ether anayamba kugwiritsidwa ntchito poyera mu 1846 ku Boston, chloroform mu 1847 ku Edinburgh. Ophunzira a m'badwo wake ankaona mwendo ukudulidwa mwini wake ali maso, ndipo dokotala ankatamandidwa chifukwa cha liwiro la mpeni.

Ku England, lamulo la 1815 linkafuna kuti wopereka mankhwala akhale zaka 5 pansi pa katswiri, kusinja mankhwala ndi kumanga mabala, kenaka miyezi 6 m'chipatala. Kaundula wa madokotala ovomerezeka ku Britain anabwera ndi lamulo la 1858.

Ku America ndiye zinali zomvetsa chisoni. Sukulu zambiri zinali bizinesi ya madokotala eni ake. Wophunzira ankagula tikiti kwa mphunzitsi aliyense, n'kumvetsera zophunzitsa kwa miyezi pafupifupi 4. Chaka chotsatira ankabwera kudzamva zomwezo ndendende. Mphunzitsi akalepheretsa wophunzira ndiye kuti wadzithamangitsira makasitomala, choncho mayeso anali a dzina chabe, ndipo ena ankatenga digiri asanapimepo wodwala. Sukulu ya udokotala ya Harvard inasintha mu 1871 poika zaka 3 zotsatana bwino ndi mayeso olemba. Sukulu ya udokotala ya Johns Hopkins, yomwe inatsegulidwa mu 1893, inkafuna kuti munthu ayambe wapeza digiri ina, kenaka aphunzire zaka 4, ndipo dokotala wa pasukuluyi William Osler ankaphunzitsira pambali pa bedi la wodwala.

FUNSO: N'zoona kuti ophunzira udokotala ankafukula maliro kumanda? Ndine mayi wa ku Mzuzu.

YANKHO: N'zoona mayi, ngakhale kawirikawiri ankafukula ndi anthu ena ochita malonda amenewa. Wophunzira sangadziwe njira ya mitsempha popanda kutumbula thupi, koma ku Britain lamulo linkalola mitembo ya anthu onyongedwa chifukwa cha kupha anzawo basi, ndipo inali yochepa kwambiri. Akuba ankalondola manda atsopano usiku, kukumba chakumutu kokha, kuthyola chivundikiro cha bokosi ndi kukoka thupi ndi chingwe. Mu 1828 ku Edinburgh, William Burke ndi William Hare anafika popha anthu 16 n'kugulitsa mitembo yawo kwa mphunzitsi Robert Knox. Lamulo la 1832 linathetsa malondawa polola sukulu kutenga mitembo yopanda abale oitenga. Koma tisabise: mtolo unangogwera amphawi ofera m'zipatala ndi m'nyumba zosungira osauka.

Mitemboyi inabweretsanso vuto lina lalikulu. Pa chipatala chachikulu cha ku Vienna, m'dziko la Austria, panali mawodi awiri a amayi oyembekezera. Mu wodi ya ophunzira udokotala munkamwalira amayi pafupifupi 10 pa 100 alionse ndi matenda otentha thupi atangochira, pomwe mu wodi ya azamba ankamwalira pafupifupi 4. Dokotala wa pachipatalachi, Ignaz Semmelweis, anazindikira gwero lake mu 1847, mnzake Jakob Kolletschka atamwalira ndi zizindikiro zofanana, atachekedwa ndi mpeni wa wophunzira potumbula mtembo. Ophunzirawo ankachoka kotumbula n'kupita kukapima amayi, m'manja mukununkhabe. Sopo sankachotsa fungolo, ndiye Semmelweis analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi. Mu Epulo imfa zinali 18 pa 100. Pofika Juni zinatsikira pa 2. Madokotala ambiri anakanabe kuvomereza kuti manja awo ndiwo ankanyamula imfa, ndipo ukhondo unayamba kuphunzitsidwa mwamphamvu dokotala wa opaleshoni wa ku Britain, Joseph Lister, atafalitsa njira yake yotsukira mabala ndi zida ndi mankhwala a carbolic acid mu 1867.