Adokotala a ku Angónia afunsa: ndigule mabuku a Step 3?

Lachiwiri ndalandira imelo kuchokera kwa dokotala wachinyamata amene anamaliza maphunziro kuno ku Tete, pa yunivesite ya UniZambeze, ndipo pano akugwira ntchito pa chipatala china chaching'ono m'boma la Angónia. Akuti pa gulu lina la WhatsApp pali munthu amene akugulitsa mtolo wa mabuku a PDF okonzekera USMLE Step 3, mayeso omaliza amene madokotala a ku America amalemba kuti apatsidwe chiphaso chogwira ntchito paokha. Mtima wake uli pa kukachita residência kumeneko, maphunziro a ukatswiri amene dokotala amachita akugwira ntchito m'chipatala. Funso lake ndi lakuti buku labwino ndi liti, ndipo alipire kapena ayi.

Adokotala, ndalamazo zisungeni kaye.

Step 3 ndi khomo lomaliza, ndipo inu simunafike pa loyamba. Kwa ife ophunzira kunja kwa America, munthu amayenera kukhoza mayeso awiri oyamba, Step 1 ndi Step 2 CK, n'kulandira satifiketi ya ECFMG, bungwe la ku America lovomereza madokotala ophunzira kunja, ndipo akatero m'pamene amaloledwa kulembetsa Step 3. Mayesowo salembedwa ku Maputo, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Amalembedwa ku America kokha, kwa masiku awiri. Ambiri amawalemba ali kale m'chaka choyamba cha residência, ena amafulumira chifukwa viza yogwirira ntchito ya H-1B imawafuna. Ntchito yanu ya sabata ino ndi yaulere: tsegulani World Directory of Medical Schools, mndandanda wa pa intaneti wa sukulu za udokotala, muone ngati sukulu yanu ili ndi chizindikiro cha ECFMG komanso zaka zimene chikukhudza. Zonse zimayambira pamenepo.

Mtolo wa PDFwo ndikuukana pa chifukwa china chachikulu kuposa ichi. Mabuku amtunduwu amakalamba msanga, ndipo oyenda pa WhatsApp amakhala akale. Mpaka 2021, malangizo a USPSTF, gulu la akatswiri a ku America lolangiza za kupewa matenda, ankati kuyeza khansa ya m'matumbo kuyambe pa zaka 50. Chaka chimenecho anatsitsa kufika pa 45. Buku lakale likuphunzitsani 50 mosakayika konse, inu muloweza, pa mayeso n'kulakwa. Ngakhale malikisi okhozera anasintha, kuchoka pa 198 kufika pa 200 mu Januwale 2024. Ndipo munthu amaloledwa kuyesa kanayi kokha pa Step iliyonse, choncho si mayeso okayesera mwayi.

Nthawi yake ikadzakwana, mudzamva maina awiri kapena atatu omwewo. Pali buku la First Aid la Step 3, lomwe ndi lachidule, labwino pokumbutsa zimene unadziwa kale. Pali UWorld, yomwe si buku koma nkhokwe ya mafunso ya pa intaneti yolipira, yofotokoza chifukwa chimene yankho lililonse lili lolondola kapena lolakwa. Kwa ine, ndalama zikakhala zokwanira chinthu chimodzi, zipite ku mafunso. Buku ukaliwerenga umamva ngati ukudziwa. Funso limakugwira pomwe sukudziwa.

Mbali imene buku silingakuphunzitseni n'komwe ili pa tsiku lachiwiri, ndipo amaitcha CCS, kuthandiza wodwala woyerekezera pa kompyuta. Mnzanga amene ndinaphunzira naye ali ku America, ndipo pamene ankakonzekera tinkayeserera limodzi usiku pa foni, iye uko, ine kuno pa laputopu, fani ikupukusa mpweya wotentha wa mu Okutobala. Kompyuta imakupatsa wodwala, mwachitsanzo bambo wazaka 58 amene chifuwa chikumuwawa ngati wamuika mwala. Palibe mayankho osankha. Umalemba wekha zimene ukufuna: ECG, aspirin, troponin (kuyeza magazi koonetsa ngati mtima wavulala), kuyeza mpweya m'magazi. Ukatero umayendetsa wotchi kuti zotsatira zibwere, n'kusankha kuti wodwalayo apite ku wodi, ku ICU kapena kunyumba. Nkhani iliyonse ili ndi mphindi 10 kapena 20 zenizeni, pamene mkatimo mungadutse maola kapena masabata.

Pamenepo ndinaona mmene ntchito ya kwathu kuno yatiumbira. Dzanja langa silinkalemba zinthu zimene ndinazolowera kuti kulibe. Troponin ndinkamuiwala chifukwa zaka zonsezi ndakhala ndikudalira makutu, maso ndi nkhani ya wodwala, kenako n'kufunafuna ambulansi. Mu CCS zonse zilipo, ndipo ukapanda kuitanitsa chofunika pa nthawi yake amakudula malikisi, monganso ukaitanitsa choopsa chosafunika. Mnzangayo ankandikumbutsa: mayi wa msinkhu wobereka, yeza mimba usanamujambule, wosuta fodya, mulangize asanatuluke. Pulogalamu yoyeserera CCS imapezeka kwaulere pa tsamba la USMLE lenilenilo, pamodzi ndi mafunso achitsanzo. Muitsegule ngakhale pano, kungoti muone mmene amaganizira.

Koma musadzione ochepa. Inu mwana wa malungo aakulu mumamuzindikira ali pakhomo, kumbuyo kwa mayi ake, ndipo artesunate mumamupatsa osatsegula buku. Ku America konse amaona odwala malungo pafupifupi 2,000 pa chaka, ambiri obwera nawo ku ulendo. TB, HIV, kuchepa kwa magazi, mayi wokomoka ndi BP ya mimba, zimenezi mwazigwira ndi manja. Luso losankha choyamba kuchita pamene nthawi yatha, lomwe CCS imayesa, inu mumaligwiritsa ntchito usiku uliwonse wa pa ntchito.

Zimene zidzakuvuteni ndi zina. Tsiku loyamba lili ndi mafunso ambiri a masamu a kafukufuku, monga sensitivity, specificity ndi number needed to treat, komanso kuwerenga chidule cha kafukufuku kapena malonda a mankhwala n'kunena ngati zolembedwazo zili zoona. Palinso malamulo ndi makhalidwe a kumeneko: amene ali ndi ufulu wovomereza chithandizo, zimene sungauze achibale popanda chilolezo cha wodwala. Ife tinazolowera kuitana amalume ndi banja lonse.

Ndiye chilankhulo. Inu ndi ine tinaphunzira udokotala m'Chipwitikizi, odwala timalankhula nawo Chichewa, ndipo mayesowa ndi a Chingerezi chothamanga, ndime zazitali pa nthawi yochepa. Ngakhale mankhwala amasintha maina: paracetamol ndi acetaminophen, adrenalina ndi epinephrine, salbutamol ndi albuterol. ECFMG nayonso imafuna mayeso a Chingerezi a OET kuchokera pamene Step 2 CS, mayeso oona mmene dokotala amayezera ndi kulankhulira ndi wodwala, inathetsedwa mu 2021. Inu a m'malire muli ndi mwayi pang'ono, poti Dedza ili pafupi ndipo wailesi za ku Malawi mumazimva, koma Chingerezi cha pa wailesi n'chosiyana ndi cha m'mafunso a zachipatala.

Choncho yambani ndi mafunso achitsanzo a Step 1 a pa tsamba la USMLE, khumi okha pa tsiku mukaweruka, wotchi ili pambali, kope lili pafupi lolembamo liwu lililonse limene lakuimitsani. Pakatha mwezi mundilemberenso, mundiuze kuti mwakhoza angati komanso mawu adzaza masamba angati.