Musalole munthu ayandikize supa guluu pa kamera yanu

Achimwene imani kaye musanaikhudze kamerayo, ndangowerenga zoti mukufuna kufufuta dzina la Canon pamphumipo nkumatapo kachitsulo kakuda mtima wanga wachita kuti phwii chifukwa zimenezi zinandiliza ine. Ndipo inu amene mwalemba mmakomentimu kuti "ingopakani acetone zichoka" chonde fufutani komentiyo musamuonongetse mnzathu katundu.

Kamera yanga inali Canon 600D, ndi imene ndinkajambulira maukwati nthawi imeneyo. Ndinkafuna ikhale yakuda yonse chifukwa zilembo zoyera zija zimaoneka pagalasi ukamajambula kudzera pawindo la galimoto, komanso anthu akangoona dzina amayamba kukufunsa za kamera mmalo moti aziyang'ana kumene ukuwauza. Nde ndinakaipereka kwa mkulu wina wokonza mafoni ndi malaputopu, anandiuza kuti zazing'ono izi bwana ndapangapo ambiri. Anaisunga nthawi yaitali, ndikaimba foni akuti mawa, ndikapita akuti guluu sanaume, mpaka anadzandipatsa madzulo ukwati uli mawa lake. Kuiona inali yokongola zedi sindinama, kachitsulo kakuda kali pamalo pake, anaiika yekha mchikwama nkutseka zipi.

Kutacha ndili mtchalitchi, mkati mwamdima mawindo ang'onoang'ono, mkwatibwi wayamba kulowa atagwirana ndi bambo ake anthu onse aimirira. Ndikudina batani la fulashi ndikungomva kakaka, kakaka, fulashi osadzuka, pasikirini palembedwa Err 05, uthenga woti fulashi yalephera kudzuka. Ndazimitsa ndayatsa, chimodzimodzi. Ndachotsa batire ndabwezera manja akunjenjemera, kakaka, Err 05. Ndinayesa kuikanula ndi chala mpaka chikhadabo chinathyoka magazi kutuluka, fulashi ili gwa ngati inabadwa yotseka. Nthawi imeneyo fulashi yapadera ndinalibe, ndinkadalira yomweyo. Mkwatibwi wafika kale pakati pa mabenchi ine sindinajambule ngakhale chimodzi. Ndinakweza ISO mpaka 6400 kuti kamera ithe kujambula mumdima popanda fulashi, lenzi ndi ya 18-55 ija yomwe ukaikoka imatsekeka mpaka f/5.6 nkumalowetsa kuwala kochepa, liwiro la shutter latsika, nde kuika diso pa viewfinder, kagalasi kosuzumira pojambula, ndikuona chifunga choyera mbali imodzi, ndimvekere ndi thukuta langa, kupukuta ndi shati osachoka, kupukutanso osachoka. Mayi ake a mkwatibwi anali pabenchi lakutsogolo akundiyang'ana, sanayankhule kanthu koma anaona kuti pali vuto, mpaka lero nkhope yawo ndimaikumbukira. Povekana mphete zithunzi zonse zinatuluka zogwedera, nkhope zodzaza timadontho, chala cha mkwati chikuoneka ziwiriziwiri. Inu mukudziwa nonse mugulu muno kuti mphete savekana kawiri kuti wojambula akonze kamera. Ndinawabwezera ndalama anthu aja ndi kupepesa pamwamba, mkazi uja analira pamaso panga ataona zithunzi, ndipo abale awo amene anali atandilonjeza ntchito sanandiimbirenso.

Kubwerera kwa mkulu uja eti akuti kamera yanu ndi yakale bwana fulashi inali itatha kale. Yakale?? Ndinakupatsa ikugwira ntchito iwe! Sanapepese ngakhale pang'ono, anali akuseweretsa foni ine ndikuyankhula. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi bodza, chifukwa nditapita nayo kwa munthu wokonza makamera weniweni anamatula kachitsulo kaja nkundionetsa zomwe zinali pansi pake. Pulasitiki anali atasungunuka, zilembo zitapakika ngati phala, timizere ta mpeni paliponse. Ndiye kuti anayamba ndi acetone, ataona kuti waononga anayesa kupala, zitakanika anathira supa guluu wambiri nkuvundikira ndi kachitsulo kuti ndisaone. Guluu uja anayenderera kulowa mumpata umene fulashi imatsekera, poti dzinalo lili pansi pake penipeni. Akanangondiuza madzulo aja kuti bwana ndalakwitsa ndikanabwereka kamera kwa mnzanga usiku womwewo. Anasankha kukhala chete, anadziwa kuti mawa ndili ndi ukwati ndinamuuza ine.

Wokonza makamera uja ndi amene anandifotokozera. Khungu lakunja la makamera ngati 600D ndi pulasitiki wa polycarbonate, acetone amamudya, ndipo mankhwala ambiri ochotsera penti wa zikhadabo za amayi muli acetone yemweyo nde musanamizidwe kuti ndi ofewa. Supa guluu naye ndi cyanoacrylate, akamauma amatulutsa nthunzi imene imakakhala pa galasi ndi pulasitiki nkuyera mbee, apolisi amagwiritsa ntchito nthunzi yomweyo pofuna kuonetsa zidindo za zala. Nde taganizani kamera yothiridwa guluu wosauma yatsekeredwa mchikwama usiku wonse. Chifunga chija chinali chimenecho. Fulashi anaitsegula koma chipsera pamphumi chinatsala, ndipo pogulitsa aliyense amafunsa kuti inagwa kapena ndi yakuba, ndinaigulitsa motaya.

Nde malangizo anga osapereka kamera kwa munthu, pangani nokha ndi tepi basi. Gaffer tape wakuda, uja amagwiritsa ntchito ojambula mafilimu, ndi wansalu sanyezimira ndipo pomatula sasiya zomata zambiri. Tepi wamagetsi ayi, kukatentha amaterereka nkusiya uve womata umene umakoka fumbi. Marker nayenso ayi, padzuwa amaoneka wapepo ndipo amalowerera mu penti woyera uja osachokanso bwino. Dulani tepi ndi sizasi ali patebulo, osati kudulira pa kamera ndi lezala, ndipo asafike pamzere wa fulashi, asatseke timabowo ta maikolofoni kapena kagetsi kakutsogolo kaja. Nambala ya kamera pansipo musaikhudze, ndi umboni wanu ikabedwa. Izi sizachilendo, Henri Cartier-Bresson, wojambula zithunzi wotchuka wa ku France, ankamata tepi wakuda pa kamera yake ya Leica yonyezimira kuti anthu mumsewu asamuone, sanasungunule chilichonse. A Leica eni ake anaona kuti anthu ena sakufuna kadontho kofiira ka dzina lawo kaja nkutulutsa makamera a M9-P mu 2011 ndi M-P mu 2014 zopanda kadonthoko kutsogolo. Ndipo amene muli ndi Leica M6 muno mukufuna kusintha kadontho kofiira kuika kakuda dziwani kuti kuseri kwake kuli bowo lofikira pokonzera rangefinder, kachipangizo kofokasira, guluu akadonthera mmenemo mwaononga chinthu chodula.

Ngati cholinga chanu ndi akuba iwalani, wakuba saona dzina amaona kamera yaikulu ndi lenzi, kuli bwino musinthe lamba uja walembedwa dzina ndi zilembo zikuluzikulu, ameneyo ndi amene amaonekera patali. Ngati ndi zoti makasitomala aziganiza kuti muli ndi kamera ina, chithunzi chilichonse chimanyamula EXIF mmene mwalembedwa kampani ndi mtundu wa kamera, akatsegula aona.

Koma ndinene zoona kamera yakuda yonse ndi yokongola achimwene, imene ndili nayo pano zilembo zake ndi zakuda ndipo si tepi, ndi penti, ndinakapereka kwa wokonza makamera uja anadzaza penti wakuda wosanyezimira mmaenje a zilembo ndi kaburashi nkupukuta wotsala asanaume. Zimatheka ngati zilembo zanu ndi zozokotedwa, yendetsani chala mumve ngati zili ndi maenje, zikakhala zongodindidwa pamwamba musayese. Nde ngati mtima wanu uli pa penti pitani kwa munthu amene ntchito yake ndi makamera okhaokha, mumufunse agwiritsa ntchito chani, akangotchula acetone kapena supa guluu nyamulani katundu wanu. Mukhale pompo akupanga, ndipo musachite izi sabata imene muli ndi ntchito. Ngati kamera ikadali pa waranti funsani kaye kumene munagula chifukwa penti angawapatse chifukwa chokanira. Tumizani chithunzi cha pamphumipo fulashi itadzuka tione mmene zilembo zanu zilili.