Amalume, imelo sagula ayi

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu uja ndaumva, kungoti ndinali mu minibasi, phokoso lake losayamba. Mwati anthu ogula soya aja akufuna kalabu yanu ikhale ndi imelo yoti azitumizirako mafomu, ndiye mukufunsa kuti imeloyo amagula kuti komanso ndi ndalama zingati. Eee, mundikhululukire, ndaseka ndekha kuno. Imelo sagula ayi amalume, ndi yaulere. Chimene mumalipira ndi bandulo basi, yomwe ija mumagula pa Airtel Money kapena pa Mpamba.

Koma bandulo yake muionetsetse. Ija mumakonda inu ya WhatsApp yokha, imelo siitsegula. N'chifukwa chake tsiku lija munkadandaula kuti intaneti yafa, pamene mauthenga a pagulu lathu la WhatsApp lino akulowa bwinobwino. Mugule ya intaneti yonse, ngakhale ya tsiku limodzi ikwana. Kalata ya mawu okhaokha siidya kanthu, chimamaliza bandulo ndi mavidiyo aja amatumiza ana anu usiku.

Tsopano mvetsetsani apa. Ine ndikukayikira kuti imelo muli nayo kale, kungoti simukudziwa. Foni ngati yanuyo, kuti munthu atenge WhatsApp pa Play Store pamafunika akaunti ya Google, ndiye mwina mnyamata wa pamsika amene anakukonzerani foni uja anatsegula. Fufuzani pafonipo chizindikiro cha chilembo M chamitundumitundu, pansi pake palembedwa Gmail. Mukatsegula, dinani kabwalo kali pamwamba kudzanja lamanja. Mukaona dzina lothera ndi @gmail.com, imelo yake ndi imeneyo. Koma ngati dzinalo ndi lachilendo ndipo pasiwedi simukuidziwa, isiyeni, musawapatse anthu a soya. Zili ngati kugona m'nyumba yoti kiyi ali ndi munthu wina kumsika.

Mutsegule yatsopano. Pomwepo pa kabwalo paja pali mawu akuti Add another account, musankhe Google, kenako Create account. Akufunsani dzina ndi tsiku lobadwa, mulembe monga zilili pa chiphaso chanu cha unzika. Dzina la imelolo likhale la kalabu, lalifupi, lopanda mpata pakati, loti mutha kumuuza munthu pafoni iye n'kulemba osalakwitsa. Akati wina anatenga kale, ingowonjezerani manambala kumapeto.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa pasiwedi ndi nambala ya foni, chifukwa pamenepa ine ndinapsa. Imelo yanga yoyamba ndinatsegula ndili kusukulu, ndinaikapo nambala ya mnzanga poti ndinalibe foni. Patapita zaka pasiwedi ndinaiwala, mnzangayo layini ija anataya kalekale. Makalata onse amene ndinafunsira ntchito anathera momwemo, kaya ena anandiyankha, mpaka lero sindinawaone. Ndiye inu muike nambala yanuyanu, ya simu yolembetsedwa m'dzina lanu, kuti ngakhale foni itabedwa mukatenga chiphaso n'kukabwezeretsa nambala yomweyo. Polemba muyambe ndi +265, ziro woyamba uja mumusiye. Akutumizirani manambala asanu ndi limodzi pa meseji, muwalembe pamene akufunsapo.

Manambala amenewo musauze munthu aliyense, amalume. Wina akaimba mwaulemu kuti ndife a kukampani ya mafoni, tatiwerengereni manambala alowawo, dulani foni. Ndi omwe aja a "tumizani ndalama ija pa nambala iyi", angosintha malaya.

Pasiwedi isachepere zilembo zisanu ndi zitatu, musakanize zilembo ndi manambala. Chaka chanu chobadwa ayi, mudzi wonse umachidziwa. Pini ya Mpamba ayinso. Muilembe papepala, muike m'sutikesi muja mumasunga mapepala a munda, osati m'kaundula wa kalabu amene amagwira aliyense pamsonkhano. Poti imeloyo ndi ya gulu, aidziwe anthu awiri, inu alembi ndi apampando. Mukadzasankha komiti ina, pasiwedi nayonso isinthe tsiku lomwelo.

Kutumiza kokha sikuvuta. Mudina Compose, pa To mulemba imelo ya munthuyo, pa Subject mutu wa nkhani, pansipo uthenga wanu. Fomu mukaidzaza muijambule powala, kenako mudine kachizindikiro kooneka ngati kawaya kopanira mapepala, musankhe chithunzicho. Chilembo chimodzi chikalakwika kalata imabwerera kapena imapita kwa munthu wina, ndiye muwerenge kawiri musanatumize. Akakuuzani kuti tatumiza koma inu osaiona, muyang'ane mu Spam, momwe Gmail imaika makalata okayikitsa, nthawi zina imabisala m'menemo. Malo osungira a Google amapereka 15 GB aulere, makalata a kalabu sangadzaze zimenezo. Kungoti muzitsegula, kawiri pa sabata bwinobwino, osadikira nyengo yokolola yokha. Akaunti ikakhala zaka ziwiri osaigwira, a Google atha kuifufuta.

Mukamaliza munditumizire kalata yoyeserera, ngakhale mungolemba kuti moni. Imelo yanga ndikupatsani kumbali, osati pagulu pano. Mukakanika penapake mujambule pafonipo munditumizire, kapena mudikire Loweruka ndiimba tichitire limodzi. Mupereke moni kwa azakhali, muwauze kuti mtedza uja unafika.