Funsani Azaumoyo: Zolimba za m'Mano ndi Miyala ya mu Impso

Funso: Kuseri kwa mano anga akutsogolo a m'munsi kwamera zinthu zachikasu zolimba ngati simenti. Ndimatsuka m'mawa uliwonse koma sizichoka, ndipo ndimalavula magazi. Ena akuti ndizikwecha ndi makala, ena akuti ndikakapalitsa kuchipatala mano adzagwedera. Nditani? *Mayi wa ku Santhe, Kasungu*

Yankho: Mayi, zimenezo achipatala amazitcha tartar, ndipo makala sangazithe. Zimayamba ngati kalitsiro kofewa, konanda, kamene kamatsalira kuchikhadabo mukakanda dzino m'mawa. M'kalitsiroko mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tambirimbiri. Kakadali kofewa, mswachi umakachotsa mosavuta. Kakakhalitsa, kashiamu ndi phosphate za m'malovu zimalowerera n'kukaumitsa, moti pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri kamakhala kayamba kusanduka mwala womatirira pa dzino.

Imani pagalasi, mukweze lilime. Pansi pake muona timatuza tiwiri pamene pamatulukira malovu, ndipo mpamene payang'anizana ndi mano amene mukudandaulawo. N'chifukwa chake zimayambira pamenepo. Malo ena ndi mano otafunira a m'mwamba, mbali ya kutsaya, poti napo pali potulukira malovu.

Magaziwo ndiwo akutidetsa nkhawa. Tartar ndi wokhakhala, choncho amasunga tizilombo tochuluka m'mphepete mwa nkhama. Nkhama zimatupa, kufiira ndi kukha magazi, chija timati chiseyeye. Zikalekereredwa, zolimbazo zimalowa pansi pa nkhama, kumene zimakhala zoderako kapena zakuda, ndipo fupa logwira dzino limayamba kudyeka. Fupa limenelo likapita silibwerera.

Apa mpamene panachokera mphekesera yoti kupala mano kumagwedeza mano. Mzati wa chigafa ukakokolokera dothi pansi, umatha kuimabe chifukwa cha zouma zimene zaukuta. Mukachotsa zoumazo umagwedera, koma amene anaufooketsa ndi madzi okokolola aja. Munthu amene wamva dzino kugwedera atapalitsa, matenda anali atadya kale fupa. Akanazisiya, dzinolo likanaguluka ndithu.

Pitani kumbali ya mano pachipatala chachikulu cha boma la Kasungu. Amachotsa ndi tizitsulo tawo kapena ndi makina onjenjemera othira madzi. Kwa masiku angapo mano amachita dzanzi mukamwa zozizira, ndipo lilime limamva mipata imene munaiiwala. Zimenezo zimatha. Muzichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda kapu imodzi mutasungunulamo mchere theka la kasupuni ka tiyi. Musayerekeze kutokosa ndi singano, lezala kapena waya. Makala, phulusa ndi mchenga zimapereseza chikopa cholimba cha dzino, ndipo mandimu kapena viniga amadya dzino lenilenilo asanakhudze n'komwe zolimbazo.

Mukapalitsa, ntchito yatsala ndi yanu. Tsukani kawiri pa tsiku, mphindi 2 nthawi iliyonse, ndipo ulendo wa usiku musanagone ndiwo wofunika koposa chifukwa malovu amachepa munthu akagona. Mswachi ukhale wofewa, muupendeketse kuti tsitsi lake likhudze pamene dzino lakumana ndi nkhama. Kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi uimikeni chilili, muzikoka kuchokera pansi kupita m'mwamba. Anthu ambiri malo amenewa amawalumpha. Gulani mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride. Pachubu pamalembedwa nambala yosonyeza kuchuluka kwa fluoride, ngati 1450 ppm. Mukamaliza lavulani thovu koma musatsukuluze ndi madzi. Mswachi musinthe pakatha miyezi 3. Mukaona magazi musasiye kutsuka, amachepa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Osuta fodya achenjere: kwa iwo nkhama sizikha magazi kwenikweni, choncho matenda amadya fupa mwakachetechete.

Funso: Ndine mlimi wa fodya. Mu Okutobala ndinagwidwa ndi ululu woopsa m'mbali mwa msana wotsikira kuchinena, ndinasanza, mkodzo unali wofiira. Atandijambula anati ndili ndi mwala wa mamilimita 4. Madzi a pamjigo wathu amasiya zoyera m'ketulo. Kodi ndi amenewa andiyikira mwala? Ndisiye kumwa? Nanga usipa ndi mkaka, poti akuti muli kashiamu? *Bambo wa ku Chamama, Kasungu*

Yankho: Bambo, musasiye kumwa madziwo. Mukatero ndiye kuti mukuumbira mwala wina. Zoyera za m'ketulo ndi mchere wachilengedwe umene umatsalira madzi akawira, koma chimene chimabala mwala mu impso kawirikawiri ndi kuchepa kwa madzi m'thupi.

Taganizani za tsiku lanu mu Okutobala. Mwalawirira kunazale ndi makheni, mwabwerako n'kukaunga mizere dzuwa lili pamutu, malaya anyowa ndi thukuta, koma mwangomwa makapu awiri. Madzi onse atulukira pakhungu, impso zatsala ndi ochepa osungunulira zinyalala za m'magazi. Mkodzo umakhala wochepa, wachikasu kwambiri ngati tiyi. Mu mkodzo wotero kashiamu amagwirana ndi chinthu china chotchedwa oxalate n'kupanga timchenga, timchengato n'kumakula. Miyala yambiri ya mu impso ndi ya mtundu umenewu. Ina imadza ndi asidi wa uric, makamaka kwa odya nyama kwambiri ndi odwala shuga, ina imadza ndi matenda a njira ya mkodzo obwerezabwereza. Ena amati miyalayi imachokera ku mchenga wolumidwa mu mpunga kapena njere za gwafa ndi tomato, koma zimenezi sizifika ku impso. Zimadutsa m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi.

Mwala ukakhala phee mu impso sumveka. Ululu umayamba ukalowa m'kapaipi kotsikira kuchikhodzodzo, kamene ndi kotalika masentimita 25 mpaka 30 koma kopapatiza mamilimita 3 kapena 4 okha. Wanu wa mamilimita 4 uli ndi mwayi waukulu wotuluka wokha pa masabata angapo. Ukapitirira mamilimita 5 mwayi umayamba kuchepa, ndipo woposa mamilimita 10 nthawi zambiri umafuna madokotala auchotse, zimene zingakutumizitseni ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Podikira, muzikodzera m'kachitini n'kusefa ndi kansalu koyera. Kamwalako kakatuluka kasungeni, mukakaonetse kuchipatala. Mukapanda kukaona, bwererani akakujambuleninso ngakhale ululu utatha, chifukwa mwala ungatseke njira osapweteka n'kumaononga impso.

Musagone kunyumba ngati ululu wabwera ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, ngati mkodzo wasiya kutuluka, kapena mukusanza chilichonse chimene mwamwa. Impso yotsekeka ikalowa tizilombo, munthu amatha kufa pa masiku ochepa. Mankhwala opha ululu ngati diclofenac ndi ibuprofen amathandiza, koma akulembereni achipatala, poti amapweteka odwala zilonda za m'mimba ndi amene impso zawo zafooka. Mkodzo wa magazi wopanda ululu wotero, makamaka timadontho tomalizira, ungakhale likodzo, ndipo limeneli lili ndi mankhwala akeake.

Tsono kapewedwe. Imwani malita 2.5 mpaka 3 pa tsiku, ndipo masiku a ntchito ya padzuwa onjezerani. Dzazani chigubu cha malita 5 popita kumunda, chikhale pamthunzi, muzimwa ludzu lisanakugwireni. Imwaninso kapu imodzi pogona. Muyeso wake ndi mkodzo: uzikhala woyera kapena wachikasu pang'ono tsiku lonse. Kufinyira ndimu m'madzi akumwa n'kwabwino chifukwa citrate wa m'mandimu amaletsa timchenga kugwirana. Mukatero tsukuluzani m'kamwa ndi madzi wamba kuti mano asadyeke.

Mchere wothira m'chakudya ndiwo muchepetse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo womwe. Mchere ukachuluka, impso zimataya kashiamu wambiri mu mkodzo. Chizolowezi chowaza mchere pambale musanalawe, ndi kusinsa kanyenya mu mchere, chisiyeni.

Usipa, matemba ndi mkaka musasiye. Kashiamu wa m'chakudya amagwira oxalate m'matumbo momwemo n'kutuluka naye ndi chimbudzi, asanafike ku impso. Mukamusala, oxalate amalowa m'magazi wochuluka. Oxalate amapezeka kwambiri mu sipinachi, bonongwe, mtedza ndi tiyi wakuda. Kuno ku Kasungu sitingauze munthu kuti aleke nsinjiro, ndipo palibe chifukwa chotero. Chofunika n'kusadya zonsezi zambiri tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku la bonongwe wotendera pakhalenso kausipa pambali kapena mkaka mu tiyi. Zimenezi muzichita moyo wonse, chifukwa pafupifupi theka la anthu amene anadwalapo mwala amadzadwalanso zisanathe zaka 10 ngati sasintha kanthu.

Funso: Ndikangoyamba kudya, pansi pa chibwano mbali imodzi pamatupa n'kupweteka, pakapita nthawi pamaphwa. N'chiyani? *Mtsikana wa ku Nkhamenya, Kasungu*

Yankho: Chemwali, zikufanana ndi kamwala kotseka njira ya malovu. Chakudya chikalowa m'kamwa malovu amachuluka, akasowa potulukira amadzaza n'kutupitsa, kenako amatuluka pang'onopang'ono. Miyala yambiri ya malovu imapangika pamalo amenewo chifukwa malovu ake ndi onanda ndipo njira yake imakwera chitunda. Imwani madzi ambiri, thowani ndi kansalu kofunda, sisitani kuchokera kumbuyo kulozera kutsogolo, ndipo yamwani kachidutswa ka ndimu kuti malovu akankhe kamwalako. Musaboole pansi pa lilime. Pakafiira, pakatuluka mafinya, thupi likatentha, kapena chotupacho chikakhala osaphwa kwa masabata awiri, pitani kuchipatala akakuoneni.